Kutumiza feteleza pa sitima, nyenyezi 3 pa 5

Mwezi watha tinayesako kubweretsa feteleza pa mabogi mpaka pa kanjanji kolowa ku godauni kwathu ku Industrial Area kuno ku Lusaka. Mtengo ndiye palibe chodandaula, bogi imodzi ikunyamula zoposa thiraki yonse, za ma toll gate iwalaniko. Boma linalamula mu 2018 kuti 30% ya katundu wolemera azidutsa pa njanji, ndiye tinati tiyeni tione.

Koma mutu wa sitima umene amakankhira mabogi aja abale inu, wakalamba zedi, utsi wakuda bii, oilo ali ndondondo pansi ndipo mvula itangowaza mawilo anayamba kuzungulira pamodzimodzi mpaka mnyamata wina kutsika kumathira mchenga pa njanji ndi manja chifukwa chothirira chake chinafa kalekale. Liwiro lake munthu wa njinga akudutsa. Adiraiva ndimawapatsa ulemu, mdala wofatsa, amachita kumvera injini ndi khutu ngati mwana wodwala.

Katundu anachedwa masiku anayi koma thumba silinasowe olo limodzi. Wa changu tengani thiraki basi, ife simenti ya mwezi wamawa tiikanso pa bogi.