Yamaha StagePas 600BT: kodi ingakwanire kwaya ya m'dera pa makonsati a chaka chonse?

Gulu la oimba ongodzipereka, kaya limakumana m'kalasi ku Kawale kaya m'holo ya tchalitchi ku Area 25, likangoyamba kukonza makonsati atatu kapena anayi pa chaka, komiti imafika pa funso limodzi: tizibwerekabe zokuzira mawu kapena tigule zathu? Ndalama yambiri ya pakhomo imathera kwa mwini masipika ndi kwa wagalimoto yonyamula, ndipo msungichuma amatsala ndi zochepa zoti n'kulipirira holo ulendo wotsatira. Kwa gulu lotere, Yamaha StagePas 600BT ndi makina oyenera kuwaganizira. Amachita bwino kwambiri m'holo yaing'ono kapena yapakatikati, bola komiti idziwiretu kuti malo olumikiza maiki ndi anayi okha, ndipo iphunzire kugwira ntchito ndi anayiwo.

M'katoni mumapezeka masipika awiri a mainchi 10, miksa yokhala ndi ampulifaya mkati mwake, mawaya awiri a masipika otalika mamita 6 aliyense, ndi waya wa magetsi. Miksayo imalowa kumbuyo kwa sipika imodzi n'kutsekeka, ndipo kumbuyo kwa inayo kuli kamalo kosungiramo mawaya. Zonse pamodzi zimalemera pafupifupi makilogalamu 25. Anthu awiri akhoza kunyamula aliyense sipika yake, n'kuziika pampando wakumbuyo wa Sienta, nkhani yofunafuna pikiapu n'kuthera pomwepo. Kwa gulu lopanda galimoto yakeyake, ichi chokha n'chachikulu. Koma maiki, mawaya a maiki ndi masitandi oimikapo masipika mulibe. Muziike pa bajeti kuyambira tsiku loyamba, makamaka masitandi, chifukwa sipika yoikidwa pansi kapena pampando imangoimbira mawondo a anthu a mzere woyamba, akumbuyo osamva kanthu. Iyenera kukwera mpaka kupitirira pang'ono mitu ya anthu okhala pansi.

Wogulitsa adzakuuzani kuti miksayi ndi ya matchanelo 10, ndipo sakunama. Koma olowetsa maiki ndi anayi oyambirira okha. Asanu ndi limodzi otsalawo ali awiriawiri, ndipo ndi a kiyibodi, foni, laputopu ndi zina zotere. Ambiri amakhumudwa pamenepa, chifukwa tinazolowera kuona kwaya ya anthu 30 ikulimbirana maiki zisanu ndi zitatu za m'manja, wina aliyense akufuna kuti ayandikire. Kaimbidwe kameneko n'komwe kamawononga kwaya. Maiki ya m'manja imagwira bwino mawu a amene wayandikira pakamwa basi, ndiye omvera amamva masoprano atatu ndi besi mmodzi wa mawu amphamvu, ena onse akungooneka akuyasamula.

Njira yoyenera makinawa ndi ina. Tchanelo choyamba ndi chachiwiri chili ndi magetsi a PHANTOM, amene amayendetsa maiki za mtundu wa condenser, zomwe zimatola mawu a gulu patali. Gulani ziwiri, muziike pa masitandi aatali kutsogolo kwa kwaya, pafupifupi mita imodzi kuchokera pa mzere woyamba. Zikwere kupitirira pang'ono mitu ya oimba, ziweramire ku mzere wakumbuyo. Mukaziloza mzere woyamba, akumbuyo, omwe nthawi zambiri amakhala matena ndi mabesi, amasowa. Mtunda wa pakati pa maiki ziwirizo ukhale kuwirikiza katatu mtunda wochokera pa maiki kufika kwa oimba: ngati zili mita imodzi kuchokera kwa oimba, zitalikirane mamita atatu. Zikayandikana kwambiri, mawu a munthu mmodzi amalowa m'maiki zonse ziwiri pa nthawi yosiyana pang'ono, ndipo zotuluka zimamveka zopyapyala, ngati akuimbira m'chitini. Tchanelo chachitatu mupatse wotsogolera nyimbo, chachinayi woyendetsa mwambo kapena gitala. Chachinayichi chili ndi kabatani ka Hi-Z kamene kamalola kulumikiza gitala mwachindunji. Kiyibodi ipite ku tchanelo 5/6. Konsati ya kwaya yakwana ndi zimenezi.

Musanagule maiki za condenser, onetsetsani chinthu chimodzi. PHANTOM ya makinawa imapereka mavoti 30, pamene maiki zina zimafuna 48. Werengani pepala la maikiyo muone ngati imalola mavoti ocheperapo, kapena muiyese pa miksa yeniyeniyo musanalipire. Poyatsa kapena pozimitsa PHANTOM, yambani mwatsitsa voliyumu yonse, apo ayi masipika amaphulitsa phokoso lomwe likhoza kuwawononga. Onaninso kabatani ka MIC/LINE pa tchanelo chilichonse mwa anayi aja. Kakakhala pa LINE inu mutalumikiza maiki, mawu amamveka pansipansi ndipo wina amayamba kukweza chilichonse. Kakakhala pa MIC mutalumikiza kiyibodi, mawu amasweka. Kawirikawiri anthu akamati makina afa, vuto limakhala kabatani kameneka.

Za maiki ya wotsogolera nyimbo, Shure SM58 ndi yodziwika ndipo ndi yolimba, siifunanso PHANTOM. Koma zabodza zake zilipo zambiri. Mtengo ukatsika modabwitsa, musaitenge.

Kamvekedwe ka makinawa pa mawu a munthu n'koyera, ndipo apa m'pamene ndimawayamikira kwambiri. Mawu a nyimbo amamveka liwu ndi liwu, zomwe kwa kwaya n'zofunika kuposa kugunda kwa besi. Tchanelo chilichonse chili ndi zosinthira zitatu, za mawu apamwamba, apakati ndi apansi. Palinso chozunguliza chimodzi cha MASTER EQ, choyambira pa SPEECH kupita ku MUSIC mpaka kowonjezera besi. Maholo athu ambiri ndi a simenti pansi, makoma osalala ndi denga la malata lopanda siling'i, ndiye mawu amabwerera okha kuchokera ku makoma. M'holo yotere sunthirani chozungulizacho chakumbali ya SPEECH, mutsitsenso pang'ono mawu apansi pa maiki za kwaya. REVERB, yomwe imawonjezera mawu obwerera ngati a m'holo yaikulu, ilipo ya mitundu inayi ndipo ndi yokoma, koma m'holo ya malata izimitseni pa kwaya, muike pang'ono pokha pa wotsogolera nyimbo ngati akuifuna. Holoyo ikuwonjezera kale zake. Kumbukiraninso kuti holo yopanda anthu imamveka mosiyana ndi yodzaza. Matupi ndi zovala za anthu zimameza mawu obwerera aja, choncho zimene mwakonza masana poyeserera muyenera kuzikonzanso pang'ono nyimbo yoyamba ikayamba. Munthu wa pa miksa apite kumbuyo kwa holo akamve yekha.

Kulira kwa masipika, kuja kumapangitsa ana kutseka makutu, n'kumene kumachititsa manyazi magulu ambiri. Pali batani la FEEDBACK SUPPRESSOR ndipo limathandizadi, koma silingakonze kaimikidwe kolakwika. Masipika akhale kutsogolo kwa maiki, atayang'ana omvera. Mukawaika kumbuyo kwa kwaya kuti oimba azidzimva, zotuluka m'sipika zimalowanso m'maiki, ndipo maiki za condenser sizichedwa kulira. Poyeserera, kwezani voliyumu pang'onopang'ono mpaka mumve kuti yatsala pang'ono kulira, bwererani pansi pang'ono, mumate kapepala pamenepo kuti wina asapitirire. Ndipo wotsogolera nyimbo asamafumbate mutu wa maiki ndi dzanja, chifukwa kutero kumaipangitsa kutola mawu mbali zonse.

Zimene makinawa satha nazo ziyenera kunenedwa mosabisa. Si a pabwalo la mpira kapena msonkhano waukulu wa panja. Si a bandi ya ng'oma zonse ndi gitala ya besi. Masipika a mainchi 10 sangakupatseni kugunda kumene achinyamata amayembekezera, pokhapokha mutagula subwoofer, sipika ya besi, yokhala ndi ampulifaya yakeyake, ndipo polumikiza pake palipo. Sipika yoti oimba azimvera kiyibodi nayonso iyenera kukhala ya ampulifaya yake, yolumikizidwa pa MONITOR OUT. Musayerekeze kulumikiza masipika ena owonjezera pa mabowo a masipika ake awiri aja. Ampulifaya yake inapangidwira awiriwo, ndipo mukaisenzetsa ambiri imatentha, kuzima yokha kapena kupsa. Mvula ya mu Januwale ikamagunda malata, palibe voliyumu imene ingapambane, ndipo mukakakamiza mungoyambitsa kulira. Konsati ya nyengo ya mvula ifunireni holo ya siling'i. Zikavuta, makonsati akuluakulu aikeni pakati pa Meyi ndi Okutobala, ya Khirisimasi yokha ndiyo muilimbire mtima.

Mawaya a mamita 6 ndi aafupi kwa holo yotambalala, ndipo amakakamiza kuti miksa ikhale pafupi ndi siteji. Mukafuna aatali, gulani waya weniweni wa masipika. Waya wa gitala ali ndi mutu wofanana ndendende ndipo amalowa bwinobwino, koma mkati mwake ndi wopyapyala, sanapangidwire mphamvu yotere. Amatentha, mawu amafooka, ndipo akhoza kuwononga ampulifaya. Mangani nsalu yofiira kapena tepi pa mawaya a masipika kuti aliyense aziwazindikira.

Tsopano nkhani ya magetsi, yomwe muno mu Lilongwe siingalumphidwe. Nambala ya mawati 680 yolembedwa pa katoni ndi ya mphamvu ya pamwamba penipeni yopita ku masipika. Pa kaimbidwe wamba makinawa amadya pafupifupi mawati 100 okha. Ndiye magetsi a ESCOM akazima simufunika jenereta yaikulu. Inverter ya pure sine wave ndi batire ya mavoti 12, ya 100Ah, zikhoza kuyendetsa miksa ndi kiyibodi kwa maola atatu kapena kuposerapo, ngakhale mutangogwiritsa ntchito theka la batireyo monga zimafunikira kuti isafe msanga. Ubwino wake palibe phokoso, zomwe pa nyimbo yofatsa n'zofunika kwambiri. Mababu a m'holo muwawerengere padera. Inverter zotchipa za modified sine wave zimalowetsa kung'ung'uza m'masipika. Ngati ndi jenereta, ikhale panja, kutali ndi mawindo chifukwa cha utsi wake umene ndi woopsa, ndipo iyambe yalira kwa kanthawi musanalumikize miksa. Nthawi yoopsa kwambiri kwa makina ndi pamene magetsi akubwerera. Akangozima, zimitsani miksa pomwepo, ndipo pakati pa soketi ndi miksa pazikhala chotetezera ngati chija timaika pa filiji kapena pa TV. Dziwani kuti zina za pa filiji zimadikira mphindi zingapo zisanayatsenso, choncho yesani chanu musanafike tsiku la konsati. Makina ogulidwa ku South Africa amabwera ndi pulagi ya mano ozungulira. Musaikakamize m'masoketi athu kapena kulowetsa mawaya osenda. Waya wake ndi wofanana ndi wa kompyuta ya pa desiki, ndipo wa pulagi yathu sasowa m'mashopu a ku Old Town.

Poyatsa, yambani ndi kiyibodi ndi zina zonse, miksa ikhale yomaliza. Pozimitsa, miksa ikhale yoyamba.

Bluetooth ndi yothandiza poika nyimbo anthu akulowa kapena pa nthawi yopuma. Pa nyimbo yoti kwaya iimbire pamwamba pake, gwiritsani ntchito waya, ndipo foniyo muitseke kuti isalandire mafoni, chifukwa wina akaimba holo yonse imamva. Pano ndikumbutsenso mlembi wa komiti kuti kukhala ndi makina anuanu sikuchotsa nkhani ya umwini wa nyimbo. Ngati pa konsati yolipiritsa mukuimba kapena kuika nyimbo za anthu ena, funsani a COSOMA, bungwe loona za umwini wa nyimbo, za chilolezo nthawi ikadalipo.

Kodi mugule? Tengani ndalama imene mumalipira pobwereka, kuphatikizapo ya galimoto, muichulukitse ndi chiwerengero cha makonsati a pa chaka. Yerekezani ndi mtengo wa makinawa pamodzi ndi masitandi anayi, maiki zinayi, mawaya ndi chotetezera magetsi. Gulu loimba kamodzi pa chaka lipitirize kubwereka. Loimba kanayi kapena kasanu, n'kumaitanidwanso ku masukulu ndi m'matchalitchi, lili ndi chifukwa chogulira. Pali mng'ono wake, StagePas 400BT, wa masipika a mainchi 8 ndi matchanelo 8, wopepuka ndi wotchipa. Kwa gulu la anthu ochepa loimba m'makalasi akhoza kukwanira, koma kwa holo ya tchalitchi ndingasankhe 600BT. Mukapeza ogwiritsidwa kale ntchito, yesani tchanelo chilichonse ndi maiki, muzungulize chilichonse mukumvetsera ngati sichikukhwekhwereza, mumvere sipika iliyonse payokha, ndipo muwasiye akulira kwa theka la ola muone ngati sakuzima okha.

Chimene chimapha makina a gulu kawirikawiri ndi kubwereketsa. Zikangodziwika kuti kwaya ili ndi zokuzira mawu, pempho limabwera la chinkhoswe, la ukwati, la maliro, ndipo la maliro n'lovuta kukana. Komiti igwirizane zisanafike pamenepo. Pakhale munthu mmodzi wosunga makina ndi wachiwiri wake, onse odziwa kuwalumikiza, ndipo makina asamatuluke popanda mmodzi wa iwo. Pakhale kope lolembamo chilichonse chotuluka ndi chobwerera, mpaka waya mmodzimmodzi, chifukwa mawaya ndi amene amayamba kusowa. Ngati mwalola kubwereketsa, kandalama kake kazilowa m'thumba lapadera la zokonzetsera. Sungani makinawo pamalo okwera, osati pa simenti, ndipo m'miyezi ya fumbi ya Ogasiti mpaka Okutobala muziphimba miksa ndi nsalu ikangozizira, kuti fumbi lisalowe m'zozunguliza ndi m'mabowo olowera mpweya.