OpenSCAD, Blender kapena FreeCAD: kusandutsa fomyula ya masamu kukhala chinthu chosindikiza pa 3D

Kwa ife a ku Mangochi, amene timaona maboti tsiku ndi tsiku kuyambira ku Malombe mpaka ku Monkey Bay, chitsanzo chabwino choyesera mapulogalamu atatuwa ndi thupi la boti lotchedwa Wigley, lomwe lonse limachokera mu fomyula imodzi: y = (B/2)(1 − (2x/L)²)(1 − (z/T)²). Apa L ndi utali, B ndi m'lifupi, ndipo T ndi kuya kwa gawo lomira m'madzi; x, y ndi z ndi malo a dontho lililonse la thupilo motsatira utali, m'lifupi ndi kuya. Mapulogalamu onsewa ndi aulere ndipo mukawatsitsa safunanso bandulo.

OpenSCAD ndi yopepuka kwambiri, moti ngakhale laputopu yakale imaikwanitsa. Lamulo la surface() limawerenga manambala a mu fayilo ndi kupanga theka la boti, ndipo theka linalo mumalipeza ndi mirror(). Mukasankha polyhedron(), mumayenera kulemba nokha madontho ndi nkhope zonse (timbali tafulati topanga kunja kwa chinthucho), ndipo madontho a nkhope iliyonse azizungulira mbali imene muvi wa wotchi umalowera mukamayang'ana muli kunja. Mukasokoneza dongosolo limeneli pa nkhope imodzi yokha, chinthucho chimakana kulumikizana ndi zina.

Blender ndiyo yachangu. Mu chida chake chowonjezera cha Extra Objects muli XYZ Math Surface, momwe mumangolemba fomyula n'kuona boti likuonekera nthawi yomweyo. Komabe chotulukacho ndi chikhungu chopanda kuchindikala, chomwe pulinta singasindikize, choncho muyenera kuchichindikalitsa ndi Solidify ndi kuchiyeza ndi 3D-Print Toolbox kuti pasakhale zibowo. Chenjeraninso ndi muyeso: fayilo ya STL yotumizira chinthu kokasindikiza, yomwe kampani ya 3D Systems inayambitsa mu 1987, sisunga mayunitsi, motero boti la mayunitsi 2 mu Blender likhoza kufika mu Cura, pulogalamu yokonzera chinthu kuti pulinta achisindikize, lili la mamilimita 2 okha.

OpenSCAD ndi Blender amafanana pa chinthu chimodzi chachikulu: zimene amatulutsa ndi timakona atatu tolukanalukana ngati ukonde wa chilimira. Maso a ukondewo akakula, boti limaoneka logamphukagamphuka. Akachepa, fayilo imalemera.

Pamenepa m'pamene FreeCAD imasiyanira ndi anzake. Mumalemba mizere yochepa ya Python, chiyankhulo cholembera mapulogalamu, yowerengera madontho, kenako Part.BSplineSurface imadutsitsa chikhungu chosalala pamadonthowo. Chikhungu chimenechi mungachidule, mungachiboole pomangira injini, ndipo mungachitumize ngati fayilo ya STEP kwa wina wogwiritsa ntchito pulogalamu ina popanda kutaya kusalala kwake. Vuto lake ndi loti kuphunzira kumatenga nthawi, ndiponso kuchindikalitsa khoma kumatha kulephera kumphuno ndi kumbuyo kwa boti, kumene m'lifupi mumathera pa ziro. Ngakhale zili choncho, wophunzira wa ku koleji ya zausodzi ku Mpwepwe amene akufuna kupitiriza kukonza botilo ndingamulangize FreeCAD. Wongofuna chidole choonetsa m'kalasi asadzivute, Blender imukwanira. Chidolecho chikakhala cha pulasitiki wosindikizira wa PLA asachisiye m'galimoto yotseka mu Okutobala, chifukwa PLA imayamba kufewa pa madigiri a Celsius pafupifupi 60.

Gyroid, chikhungu chopindikapindika cha masamu chomwe Alan Schoen anachifotokoza mu 1970, ndi nkhani ina, popeza fomyula yake sipereka madontho mwachindunji. Imafuna njira ya marching cubes, yosandutsa fomyula yotere kukhala ukonde wa timakona atatu, kudzera mu Python kapena pulogalamu ngati MathMod, koma ngati mukuifuna pongodzazira m'kati mwa chinthu, Cura ndi pulogalamu inzake ya PrusaSlicer ali nayo kale.