E-reader ya mainchesi 6 inandichititsa manyazi pa msonkhano wa ntchito

Ndagwiritsa ntchito chipangizo chowerengera mabukuchi kwa miyezi isanu ndi iwiri, ndipo ndikulemba mtima usanatsike chifukwa cha zimene zinandichitikira sabata yatha. Mtengo wake si ndalama yoti munthu angaitulutse osaimva. Ndinagula chifukwa wogulitsa ananditsimikizira kuti mabuku onse a ntchito yanga ya uinjiniya alowa mmenemo ndipo sindidzanyamulanso chikwama cholemera, koma sanandifunse n'komwe kuti mabukuwo ndi amtundu wanji.

Tinali anthu asanu ndi mmodzi pa msonkhano wokambirana za maziko a nyumba ina yosanja, ndipo mkulu wathu anati tonse titsegule buku la malangizo pa tsamba limene pali tebulo la kukula kwa zitsulo za mu konkire, n'kutchula nambala ya tsambalo. Anzanga anangotembenuza mapepala n'kufikapo nthawi yomweyo. Ine buku lomwelo ndili nalo mu EPUB, mtundu umene mawu ake amasuntha malinga ndi kukula kwa zilembo zimene wasankha, moti nambala imene inkaoneka pansi pa sikirini yanga sinkagwirizana ndi ya wina aliyense. Nditalipeza tebulolo pofufuza mawu, linali litaduka pakati, mitu yake itatsalira kumbuyo ndipo manambala ali okhaokha osadziwika kuti ndi a chiyani.

Ndinathamangira ku PDF ya buku lomwelo, imene masamba ake sasintha. Tsamba la A4 ndi lalikulu mamilimita 210 ndi 297, ndipo likafinyidwa kuti likwane pa sikirini ya masentimita pafupifupi 9 ndi 12, manambala amaoneka ngati nyerere. Ndikalikulitsa ndi zala, sikirini inkayamba yada kaye n'kuphethira isanaonetse kanthu, ndipo ndikafuna kuona mbali ina ya tebulo ndinkadikiranso. Kenako mkulu wathu anati tiyerekezere tebulolo ndi chithunzi cha mizere chimene chili kumapeto kwa buku. Wa pepala amangoika chala pa tsamba limodzi n'kumasuzumira linalo, pamene ine ndinkayenera kuchoka pa tebulo n'kulisakanso. Chithunzicho nditachifika, mzere wofiira ndi wobiriwira yonse inali yotuwa mofanana, pakuti sikirini yotereyi ya e-ink, yooneka ngati inki pa pepala, imaonetsa mitundu 16 yokha ya kutuwa, kuchokera pa kuda mpaka pa kuyera. Mkulu wathu anandikankhira buku lake osanena kanthu, ndipo m'mbali mwa tebulolo munali timanotsi ta pensulo timene wakhala akulemba kwa zaka zambiri, zomwe ineyo ndikanalemba pogogoda chilembo chimodzichimodzi pa kiyibodi yochedwa ya chipangizochi.

Nditabwerera kwa wogulitsa uja anandiyankha akuyang'ana foni yake kuti ndikanagula ya mainchesi 10, ngati kuti amene analiko tsiku logula anali wina. Za DRM, loko imene imamangirira buku logula ku akaunti yako moti sungabwereke mnzako kapena kusindikiza tsamba loti upite nalo kumalo omanga, sananditchulirenso.

Chipangizocho pachokha sindingachinyoze m'zonse. Pa buku lowerenga kuchokera koyamba mpaka kumapeto ndi chabwino kwambiri: maso satopa, padzuwa chimawerengeka ngati pepala, ndipo batire imakhala masabata angapo chifukwa sikirini yotere imadya moto makamaka potembenuza tsamba. Kufufuza mawu amodzi m'buku lonse ndi chinthu chimene pepala silingachite, ndipo malipoti aatali opanda matebulo ndimawawerengera pomwepo mpaka lero, nthawi zina ndikuiwala kuti ndinachikwiyira.

Ndikuchipatsa nyenyezi zitatu mwa zisanu, ndipo imodzi mwa ziwiri zimene ndachotsazo ndi ya wogulitsa. Buku la malangizo lija ndaitanitsa la pepala, ndipo ndagulanso pensulo ndi timapepala tomata toikira chizindikiro pa masamba a matebulo.