Goloboyi wobwereka mu NHL: wokoma kuonera, wovuta kudalira

Timu iliyonse ya hockey, masewera a pa ayezi, mu NHL, ligi yaikulu ya ku America ndi Canada, imafika pa ayezi ndi agoloboyi awiri, ndipo onsewo akavulala, ligi imaibwereka munthu wachitatu amene amakhala ali m'bwalomo kudikira tsoka lotere. Dongosololi linakhwimitsidwa pambuyo pa masewera a mu 2015, pamene Roberto Luongo ndi Al Montoya a Florida Panthers anavulala usiku umodzi. Timu ya pakhomo ndiyo imapeza munthuyo, koma iye amatumikira mbali iliyonse imene zaivuta.

Ndikayeza ntchitoyi ndi zimene yabala, sindingaichepetse. Pa 29 Malichi 2018, Scott Foster, wowerengera ndalama wa zaka 36 amene ankangosewera ndi anzake madzulo akaweruka, analowa m'golo la Chicago Blackhawks kwa mphindi 14 ndipo anatchinga puck, kachimbale kamene amamenya m'malo mwa mpira, kasanu ndi kawiri popanda Winnipeg Jets kumuchinya. Nkhani ya David Ayres ndiyo imandichititsa chidwi kwambiri. Pa 22 Febuluwale 2020, James Reimer ndi Petr Mrazek a Carolina Hurricanes atavulala, bambo wa zaka 42 ameneyu, amene anagwirapo ntchito yoyendetsa makina osalaza ayezi ndipo anaikidwa impso ina mu 2004, anavala zodzitetezera n'kulowa. Anachinyidwa zigoli ziwiri atangoyamba, ndipo aliyense ankaganiza kuti zatha, koma anatchinga zonse zisanu ndi zitatu zotsatira mpaka Carolina inapambana 6-3.

Komatu pomwepo ndi pamene pali chilema chachikulu. Ayres ankathandiza pokonzekera masewera osewera a Toronto Maple Leafs, timu yomwe anaigonjetsa usiku umenewo. Iye anasewera mokhulupirika, palibe wotsutsa, koma dongosolo labwino siliyenera kupachika mapointi a timu pa chikumbumtima cha munthu wothandiza adani ake. Kukanakhala kuti anachinyidwa zigoli zisanu ndi chimodzi, ochemerera Carolina akanakhala ndi chifukwa chokayikira, ngakhale iye akanakhala wosalakwa. Komanso mwayi sumwetulira aliyense: Tom Hodges, wogulitsa inshulansi, analowera Anaheim Ducks mu 2022 ndipo timuyo inagonja kwa Dallas Stars.

Mgwirizano watsopano wa ligi ndi bungwe la osewera, woyamba kugwira ntchito mu nyengo ya 2026-27, ukuti timu iliyonse idzakhale ndi goloboyi wadzidzidzi wakewake, woyenda nayo ndi kukonzekera nayo limodzi. Kumbali ya chilungamo ndikuvomereza kusinthaku ndi mtima wonse, ngakhale ndikudziwa kuti usiku ngati wa Ayres, pamene ochemerera Toronto anaombera m'manja munthu amene wangogonjetsa timu yawo, udzayamba kusowa.