Miyezi khumi ndikugwiritsa ntchito uphungu wa EFT m'mabanja a ku Ntcheu

Papita miyezi khumi chiyambire kugwiritsa ntchito njira ya uphungu ya EFT (Emotionally Focused Therapy, uphungu woyang'ana zimene munthu akumva mumtima) pothandiza mabanja kuno ku Ntcheu, ndipo nthawi yakwana yoti ndinene mmene yandiyendera. Njirayi anaiyambitsa akatswiri a zamaganizo Sue Johnson ndi Leslie Greenberg ku Canada m'zaka za m'ma 1980, ndipo Johnson anaimangira pa mfundo ya John Bowlby, katswiri wa zamaganizo wa ku Britain, yakuti munthu, kuyambira ali khanda, amasowa wina womudalira. Imaphunzitsa kuti mkwiyo umene timauona pa mkangano kawirikawiri umaphimba mantha kapena chisoni, ndiponso kuti chimene chimapasula banja ndi chizolowezi chimene awiriwo akodwamo, wina akulondalonda mnzake ndi mawu, winayo akuthawa pokhala chete.

Kwa mwamuna ndi mkazi wake, njirayi ndaikhulupirira ndi mtima wonse. Banja lina lochita malonda a kachewere pa Lizulu linadza kwa ine ankhoswe atalephera kawiri. Mayi ankakalipira ndalama tsiku ndi tsiku, ndipo bambo, amene anakhalako zaka zingapo ku Johannesburg, ankangonyamuka kupita kukasewera bawo. Pa ulendo wachisanu ndi chimodzi ndinapempha mayiwo kuti asiye kuuza ine, atembenukire kwa amuna awo. Anakhala chete nthawi yaitali akupotokola nsonga ya chitenje, kenako anati, "Bambo, inu mukatuluka osalankhula, ine ndimaona ngati mwakakweranso basi ija." Bambowo anavula chipewa n'kuchiika pa bondo, ndipo anayankha kuti amachoka chifukwa akamva mawu okwera amadziona ngati munthu wolephera pakhomo pake. Ndinawayendera mwezi wathawu. Amakanganabe, koma tsopano amazindikira msanga kuti chizolowezi chija chayambanso.

Pamene ndavutika kwambiri ndi pa mabanja ophatikizapo apongozi. Njirayi imafuna kuti munthu ayang'ane mnzake m'maso n'kumuuza zakukhosi, koma mkamwini sangachite zimenezi kwa amayi a mkazi wake, ndipo kumukakamiza ndi kumuchititsa mwano. Ndinayesa kamodzi, ndipo ndimadandaulabe chifukwa mnyamatayo sanabwerenso. Masiku ano ndimayamba ndakhala ndi aliyense payekha, kenako mawu amene tapeza amapita nawo ankhoswe, omwe mwambo unawapatsa kale malo olankhulira. Zimachedwa, koma palibe amene amachoka atachita manyazi.

Kwa ofedwa ndinayesa njira ya mpando wopanda munthu imene Greenberg amaigwiritsa ntchito, yoti wolira alankhule ngati malemu akhala pamenepo. Mayi wina wamasiye anapepukidwa nayo mtima, koma wina anakana poganiza kuti ndikumuuza aitane mizimu, ndipo sindinamuumirize. Pamene pali nkhanza sindiyamba n'komwe uphungu wa awiri, chifukwa munthu womenyedwa sangatulutse zakukhosi pamaso pa womumenya, choncho ndimayamba ndamuperekeza ku ofesi ya apolisi yothandiza ozunzidwa.

Njirayi imafuna kukumana maulendo 8 mpaka 20, ndipo mvula itayamba mu Disembala mabanja ambiri anasiya kubwera chifukwa cha ntchito ya kumunda. Ndinasunthira zokumana zathu ku Lamulungu masana anthu akaweruka ku tchalitchi, ndipo ena a iwo anabwereranso.