Bonasi, nyumba kapena malipiro: n'chiti chingakope apolisi atsopano?

Mwana wa mchemwali wanga wa ku Mufakose, mumzinda wa Harare kuno ku Zimbabwe, akusinkhasinkha zolowa ntchito ya upolisi, ndipo atabwera kudzandiona anandifunsa funso limodzi lokha: "Amalume, kodi ndikalowa ndizitha kulipira lendi?" Akuluakulu a polisi m'maiko ambiri akulimbana ndi funso lomweli, chifukwa apolisi akusiya ntchito pamene ofuna kulowa m'malo mwawo ndi ochepa. Njira zokopera anthu zilipo zingapo, koma sizifanana mphamvu.

Yomwe yatchuka kwambiri ku America ndi bonasi yoperekedwa munthu akangolembedwa ntchito. Mu 2022 mzinda wa Seattle unavomereza kupereka mpaka madola 30,000 kwa wapolisi wodziwa kale ntchito wochokera kwina, ndi madola 7,500 okha kwa wongoyamba kumene, ndipo mu 2024 ndalama ya wodziwa ntchitoyo inakwezedwa kufika 50,000. Mzinda waung'ono wa Alameda ku California unafika pa madola 75,000 mu 2023. Kusiyana kwa 30,000 ndi 7,500 ndiye kukuulula chilema cha njirayi, popeza ndalama zambiri zikupita kokopa wapolisi wa mzinda woyandikana nawo, ndipo kulanda khasu la mnansi sikuchulukitsa makasu m'mudzi. Wapolisi wakale, yemwe wapirira zaka khumi popanda bonasi, amawawidwanso mtima akaona mlendo akulandira ndalama zoterozo.

Kuno zinthu n'zosiyana, chifukwa Zimbabwe Republic Police ndi ya dziko lonse, ndipo apolisi a khonsolo ya Harare ntchito yawo ndi ya malamulo a mzinda, monga a malonda a m'misewu ndi koimika magalimoto. Wolimbirana naye achinyamata si mzinda wina, koma makampani a alonda ndi basi yopita ku Johannesburg. Komanso amene anaona ndalama ikusanduka mapepala mu 2008, ndi kuona ZiG, ndalama ya dziko lino yomwe inayamba mu April 2024, ikutsitsidwa mphamvu ndi zoposa 40 peresenti mu September chaka chomwecho, sangakopeke ndi bonasi ya kamodzi, pokhapokha itabwera m'madola a ku America.

Nyumba ndiyo ndikuiona kuti ili ndi mphamvu yoposa. Malandilodi ambiri a m'madera a Harare monga Highfield, Glen View kapena Dzivarasekwa amafuna lendi yawo m'madola, ndipo mwezi ukatha sayang'ana yunifolomu. Tinakhalapo ndi wapolisi wina pa poloti imodzi, iye akuchita lendi zipinda ziwiri za kuseri pamodzi ndi mkazi ndi ana atatu. Ankalawira mdima ulipo, nsapato zopolisha zili m'jumbo kuti zisade ndi matope popita kokwerera minibasi, ndipo tsiku lomwe anapatsidwa nyumba ku malayini a polisi anatsanzikana nafe ngati munthu wokwezedwa pa udindo. Nyumba yotere imachotsa lendi ndi ndalama yoyendera nthawi imodzi, siguga ndi kugwa kwa ndalama, ndiponso imaika wapolisi pafupi ndi ntchito usiku pakagwa zadzidzidzi.

Komabe ife zidzukulu za anthu ochokera ku Malawi tikuidziwa bwino mbali inayo ya nyumba ya abwana. Makolo athu ambiri anakalambira m'makomboni a m'mafamu ndi m'migodi, ndipo minda itayamba kulandidwa mu 2000 ambiri anataya ntchito ndi pogona tsiku limodzi. Nyumba ya ku malayini nayonso imatha ntchito ikatha, choncho imakopa mokwanira ngati ikuyendera limodzi ndi ngongole yogulira poloti, kuti wapolisi akamadzapuma adzakhale ndi kwake.

Kukweza malipiro a mwezi ndi mwezi n'kwachilungamo kuposa zonsezi, chifukwa kumafikira wakale ndi watsopano yemwe, koma n'kolemera kwa boma, poti aphunzitsi ndi anamwino nawo sangakhale chete.

Mnyamatayo ndamuuza kuti asanapereke makalata ake akafunse kaye zinthu ziwiri kwa amene ali kale pa ntchitoyo: gawo la malipiro lomwe limabwera m'madola, ndi zaka zomwe munthu amadikira asanapatsidwe nyumba.