Bushi ya graphite ndi bushi yonyowetsedwa oyilo: kuyerekeza pa gudumu la tram ndi pa mapule

Anzanga amene tinaphunzira nawo ntchito yokonza makina akhala akundifunsa funso limodzi mobwerezabwereza, ndipo mmodzi amene ali ku Johannesburg wandiimbira foni kawiri mwezi uno pa nkhani yomweyo: kodi mabushi (timachubu timene timakhala pakati pa gudumu ndi pini kapena shafiti imene gudumulo lakhalapo) onse amene ogulitsa amati safuna kuthiridwa oyilo ndi ofanana, kotero kuti munthu angotenga otsika mtengo? Yankho langa ndi lakuti si ofanana ngakhale pang'ono. Ndinazindikira zimenezi nditataya ndalama, pini yabwino ndiponso tsiku lathunthu lonyamula alendo pa tram yakale, sitima ya magetsi yoyenda pa njanji m'misewu ya mumzinda, imene ndimathandiza kuisamalira Loweruka lililonse kumalo ena osungirako matram kuno ku England.

Ndiyambe ndi gudumu la padenga pa tram, chifukwa munthu amene sanalionepo angaganize kuti ndi pule wamba, gudumu loyendapo lamba kapena chingwe. Padenga pa tram yakale pamakhala ndodo yaitali yachitsulo imene masipuling'i amaikankhira m'mwamba, ndipo kunsonga kwake kuli kagudumu ka mkuwa kokhala ndi ngalande, kamene kamayenda kunsi kwa waya wa magetsi. Kachitidwe kameneka kanafala pambuyo pa chaka cha 1888, Frank Sprague atatsegula njanji ya matram a magetsi mumzinda wa Richmond, ku Virginia. Popeza kagudumuko ndi kakang'ono, kamazungulira mofulumira kwambiri: ngati ngalande yake ili masentimita 10 m'mimba mwake, tram ikamayenda makilomita 30 pa ola kamazungulira pafupifupi maulendo 1,600 pa mphindi imodzi. Kamakhala pamtetete, pamvula, pafumbi ndi pachisanu, pamalo pamene munthu sangafikepo ndi oyilo popanda kutsitsa ndodo. Choposa zonsezi, magetsi onse oyendetsa tram, a mavoti 550 kapena 600, amadutsa m'kagudumu kameneka asanafike ku mota. M'mbali mwake mumakhala mawashala ndi timasipuling'i ta mkuwa toti tizinyamula magetsiwo, koma zikayamba kutha kapena kufooka, magetsi amadzipezera njira ina kudzera m'bushi ndi m'pini. Apa ndiye pagona kusiyana konse kwa mabushi awiri amene ndikuwayerekezawa.

Yoyamba ndi bushi ya bronze, mkuwa wosakaniza ndi tini, imene m'kati mwake amagobamo ngalande zokhotakhota n'kuzidzaza graphite, chakuda chija chimene timalembera m'pensulo. Si yachilendo ayi. Kampani ya ku Bound Brook, m'chigawo cha New Jersey, imene poyamba inkatchedwa Graphite Lubricating Company kenako Bound Brook Oil-less Bearing Company, inkagulitsa mabushi otere kwa eni matram ndiponso kwa eni mafakitale oyendetsa makina ndi malamba. Gudumu likamazungulira, graphite amadzipaka pang'onopang'ono pa pini n'kupanga kansalu kakuda kosalala. Ndi wouma, kutentha sikumusungunula, ndipo magetsi amadutsa mwa iye.

Yachiwiri inabwera mochedwerapo. Akatswiri a kampani ya Chrysler anaitulukira m'chaka cha 1930 n'kuitcha Oilite, ndipo lero amakaniko ambiri amatchula dzina limeneli pa bushi iliyonse ya mtundu umenewu ngakhale yopangidwa ndi ena. Amatenga ufa wa mkuwa ndi wa tini, amaupanikiza m'chikombole, n'kuutenthetsa mpaka ugwirane koma osasungunuka wonse, kotero kuti chitsulocho chimatsala ndi tizibowo tosaoneka ndi maso. Tizibowoto amatidzaza oyilo, amene amatenga pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a bushi yonse. Shafiti ikayamba kuzungulira n'kufunda, oyilo amatuluka. Ikaima n'kuzizira, chitsulo chimamumwanso. Luso limeneli ndimalilemekeza kwambiri, ndipo zimene ndikufuna kufotokozazi sizikuchotsa ulemu umenewo.

Bushi yakale ya graphite ya m'gudumu lathu itatha, tinalibe ina m'stolo, ndipo masiku a tchuthi, pamene alendo amachuluka, anali atayandikira. Ndinapita kwa wogulitsa zipangizo za makina wina, ndinamuonetsa bushi yakaleyo, ndipo ndinamufotokozera momveka bwino kuti imakhala m'gudumu lonyamula magetsi, padenga, panja. Iye sanaiyang'anitsitse n'komwe. Ananena kuti mabushi odzipaka okha onse amagwira ntchito imodzi, kuti ya graphite ndi yachikale, ndipo anandipatsa ya oyilo imene inalibe dzina la kampani iliyonse, itakulungidwa m'pepala la khaki limene linali litanyowa kale ndi oyilo. Pepala ndi katoni zimayamwa oyilo wa m'bushi yotere, ndiye chifukwa chake opanga odziwa ntchito amaziika m'pulasitiki kapena m'chitini. Bushi imeneyo inali itayamba kuuma isanachoke pa shelefu yake, ndipo iye monga wogulitsa anayenera kudziwa zimenezo.

Masabata awiri oyamba zonse zinayenda bwino, moti gudumu linkazungulira mwakachetechete kuposa kale. Sabata yachitatu kunagwa mvula masiku angapo, ndipo woyendetsa anatiuza kuti akumva kulira kwachilendo padenga ndiponso kuti magetsi akuthetheka kwambiri pa waya. Tisanapeze mpata wotsitsa ndodo, gudumu linagwira, linasiya kuzungulira n'kuyamba kukhwekhwereka pa waya, ndipo pokhota ndodo inadumpha n'kukamenya mawaya ogwiriziza. Palibe anavulala, koma alendo anatsitsidwa pakati pa njira, ndipo tram inabwerera m'shedi mochita kukokedwa. Titamasula tinapeza pini itasanduka yabuluu chifukwa cha kutentha, ili ndi tizibowo tambirimbiri ngati yolumidwa ndi chiswe, bushi ili gwa, youma ndi yakuda, ndipo ngalande ya gudumu itaphwatalala mbali imodzi.

Ndakhala ndikuiganizira nkhaniyi kwa nthawi yaitali, ndipo ndikuona zifukwa zitatu zimene zinathandizana. Choyamba, oyilo sadutsitsa magetsi. Pamene timasipuling'i ta m'mbali tinafooka, magetsi anayenera kuboola kansalu ka oyilo kuti afike ku pini, ndipo kuboola kulikonse ndi kambaliwali kamene kamadya chitsulo ndi kupsereza oyilo. Oyilo wopsa amasanduka phula lolimba limene limatseka tizibowo tomwe tija timene oyilo watsopano akanatulukiramo. Chachiwiri, pa mota wamba shafiti ndiyo imazungulira ndipo bushi imakhala chete, koma pa gudumu la tram zimatembenuka: pini imakhala chete, bushi ndiyo imazungulira pamodzi ndi gudumu. Pa liwiro lotere oyilo amakankhidwira kunja, kutali ndi pini kumene akufunika, ndipo wina amatayika m'mbali. Chachitatu ndi mvula ndi fumbi, zimene zimatsuka ndi kudetsa oyilo wochepa amene watsala. Graphite sagonja ku choyamba chifukwa magetsi amadutsa mwa iye, sagonja ku chachiwiri chifukwa si wamadzimadzi, ndipo fumbi silimamatira pa iye monga limachitira pa oyilo.

Kunena chilungamo, timasipuling'i tathu tikanakhala tamphamvu, bushi ya oyilo ikanakhalitsako. Koma ndi mmene matram akale amakhalira: timasipuling'i timafooka mwakachetechete pakati pa masiku oyendera, ndipo bushi yoyenera pamalo amenewa ndi imene imapirira nthawi yoteroyo mpaka munthu atazindikira. Wogulitsa uja nditabwerera kwa iye ndi pini yowonongeka m'manja, anakana kubweza ngakhale mtengo wa bushi, n'kunena kuti mwina tinaiika molakwika. Kuyambira tsiku limenelo sindinagulenso kanthu kwa iye, ngakhale washala, ndipo anzanga a kushedi akudziwa chifukwa chake.

Bushi ya graphite nayonso ili ndi pobisalira pake, ndipo ndi pa thumba. Matram akale anapangidwa m'miyeso ya mainchi, ndipo bushi ya muyeso wake siipezeka pa shelefu. Imachita kupangidwa mwapadera. Mtengo wa bushi imodzi umene anatiuza pa foni unali wopiririka, koma pepala lolipirira litafika panali ndalama ina yokonzera makina asanayambe kudula, lamulo lakuti sitingagule zochepa kuposa chiwerengero chimene iwo anaika, ndiponso ndalama yotumizira. Tinkafuna mabushi awiri, koma tinalipira ngati tikukonza matram a mzinda wonse, ndipo ndalama yokonzera makina yokha inaposa mtengo wa mabushi amene tinkafunawo. Amene akufuna kuitanitsa afunse ndalama zonsezi molemba asanavomere, ndipo ngati n'kotheka agwirizane ndi ena amene ali ndi muyeso womwewo kuti agawane.

Pali msampha wina poitanitsa. Mabushi ambiri a graphite amene amagulitsidwa masiku ano ndi aja obooledwa mabowo ozungulira n'kutsekedwa ndi tizidutswa ta graphite. Amenewo anapangidwira katundu wolemera woyenda pang'onopang'ono, monga zitseko za madamu, milatho ndi makina opondera zitsulo. Gudumu la tram ndi losiyana: katundu wake ndi wopepuka, kukankha kwa ndodo kokha, koma liwiro ndi lalikulu. Nenani momveka kuti mukufuna ya ngalande zodzazidwa graphite, ndipo muuzeni wopangayo liwiro lake. Ikafika, musadabwe kuona pini ikuda m'masiku oyamba, ndipo musaipukute ndi sandipepa poganiza kuti ndi litsiro, chifukwa chakudacho ndicho chikugwira ntchito ya oyilo.

Tikachoka pa gudumu la magetsi n'kubwera pa mapule wamba, chigamulo changa chimasintha, ndipo apa ndiye pali yankho la anzanga ambiri amene sadzagwirapo tram. Pa timapule ta zingwe ndi ta zitseko, pa timamota ting'onoting'ono, pa mafani ndi pa chilichonse chimene chili m'kati mwa nyumba, chopanda magetsi odutsa m'shafiti, bushi ya oyilo ndiyo yabwino. Ndi yotsika mtengo, imapezeka m'miyeso yambiri, siichita phokoso, ndipo imakhuzana ndi shafiti mopepuka kuposa ya graphite. Imangofuna shafiti yolimba ndi yosalala, komanso kuisamala poiika. Osaitsuka m'petulo kapena m'palafini, chifukwa mutsuka oyilo wake yemwe. Osaikulitsa ndi chida chobuntha kapena sandipepa, chifukwa chitsulo chimapakika pamwamba n'kutseka tizibowo, ndipo bushi imaoneka yonyezimira koma ili yakufa. Ikakhalitsa m'stolo, iviikeni m'oyilo wofunda kwa maola angapo n'kuisiya izizire momwemo musanaiike. Pokhapokha pule ikakhala pafupi ndi ng'anjo, kapena pamalo a fumbi lambiri, ndi pamene ndimabwereranso ku graphite.

Ena andifunsa za bearing ya mipira yotsekedwa mbali zonse. Pa pule ndi yabwino kwambiri, koma pa gudumu la tram magetsi amadumpha pakati pa mipira ndi njira yake n'kukumba tizibowo mofulumira. Mabushi a nayiloni ndi mapulasitiki ena sadutsitsa magetsi ndipo amafewa akatentha, choncho sindiwaganizira n'komwe padenga. A mtengo wolimba monga lignum vitae ali ndi mbiri yaitali pa mashafiti a sitima za pamadzi ndi pa makina oyenda m'madzi, koma kumeneko ndiye kwawo. Matram ambiri anathetsa vutoli mwa kuchotsa gudumu lenilenilo n'kuika kachitsulo kotsetsereka kokhala ndi carbon, kamene kalibe bushi yozungulira. Ife sitingatero, chifukwa ntchito yathu ndi kusunga tram monga inalili pamene inkanyamula anthu mumsewu.

Kwa mnzanga wa ku Johannesburg, amene funso lake lenileni linali la chigayo cha kumudzi kwawo, ndinene mwachindunji kuti: achimwene, shafiti yaikulu ya chigayo musaiike pa bushi iliyonse mwa ziwirizi. Liwiro lake, kukoka kwa lamba ndi fumbi la ufa zimafuna bearing ya mipira kapena ya marola yokhala m'chibokosi chake, yopopedwa girisi pa nthawi yake. Bushi ya oyilo muisungire timapule topepuka tokha.

Gudumu lathu tsopano lili ndi bushi ya graphite ya ngalande, pini yatsopano ndi timasipuling'i tatsopano, ndipo layenda nyengo yonse ya alendo popanda kulira. Loweruka loyamba la mwezi uliwonse timatsitsa ndodo, timazungulitsa gudumu ndi dzanja, timaligwedeza kuti timve ngati layamba kusewera pa pini, ndipo timakanikiza timasipuling'i ta m'mbali kuti tione ngati tikadali ndi mphamvu. Mabushi otsala aja, amene tinakakamizidwa kugula, ali m'bokosi lachitsulo m'stolo, ndipo awiri tinawapereka kale kwa anzathu a malo ena osungirako matram amene gudumu lawo ndi la muyeso womwewo.